Uthenga Wopanda Woutuma

Pali chinthu chimene ndakhala ndikubisa, ndipo chayamba kundilemera. Mwana wanga wamkazi anabayitsa katemera uja wa atsikana, woteteza ku khansa ya khomo la chiberekero. Achimwene anga, amene ndiwo mwini mbumba kwathu, analetsa. Analetsa mokweza, anthu akumva, ine ndikuti, “Ndamva achimwene.” Mpaka lero iwo akudziwa kuti tsiku la katemeralo ine ndi mwana tinali ku chigayo. Ku chigayoko tinapitadi, koma sitinathere pomwepo.

Ndine mayi wa mwana mmodzi. Ndinabereka ndisanamalize sekondale, ndipo achimwene omwewa ndi amene anandibwezera kusukulu, kenako n’kunditumiza ku koleji ku Lilongwe komwe ndinatenga satifiketi ya za chitukuko cha m’midzi. Ntchito sindinaipeze. Ndimakhala m’mudzi mwathu kufupi ndi Madisi, ndimasoka mayunifolomu pakhonde. Bambo a mwanayu ali ku Joni, timalankhulana pa foni. Anthu akamadutsa amati, “Uyo ndiye wophunzira wathu,” koma sadziwa kuti ndine munthu wamantha kwambiri. Mwana akatsokomola kawiri, ine maganizo afika kale kumanda. Akachedwa kuweruka, ndimaima pamsewu singano ili m’manja.

Mwanayu atakwanitsa zaka zisanu ndi zinayi, kusukulu kwawo analengeza kuti kudzabwera a zaumoyo kudzabaya atsikana a msinkhu wake. Sabata yomweyo m’mafoni munayamba kuyenda uthenga wa mawu, uja timangoti voisi. Munali mayi akulira. Amati mwana wake anabayidwa katemerayu, ndipo adokotala amuuza kuti mwanayo sadzaberekanso moyo wake wonse. Amalira mogwira mtima, kupuma kwake kukumveka, n’kumatichonderera ife amayi anzake kuti tibise ana athu. Ndinaimvera katatu.

Achimwene anabwera nayo okha voisiyo, naiyika pakhonde panga azakhali ndi asuweni ali pomwepo. Itatha anati, “Mbumba yanga sibayidwa. Aliyense wamva.” Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, ndipo nkhani yokhudza kubereka kwa mtsikana ndi nkhani ya malume wake. Bambo ake nditawaimbira anangoti, “Zimenezo alamu anena kale, ine ndilowererepo bwanji ndili kuno?” Komanso musawaone ngati munthu wankhanza achimwenewo. Mwana wangayu amamuitana kuti “amayi”, chifukwa anatengera mphumi ya malemu mayi athu, ndipo akakolola mtedza thumba loyamba limabwera kwa ife. Mantha awo anali akuti mtundu wathu uthera pa mwanayu. Anali mantha anganso.

Tsono pasukulu ya mwanayu panali patayamba kachitidwe kena. Pa tiredingi pali kalaibulale, chipinda chimodzi chokhala ndi mashelefu ndi mabenchi, ndipo amayi amene amayang’anira pamenepo anagwirizana ndi aphunzitsi kuti azithandizana. Sabata ina iwo amakwera kabaza n’kubwera kusukulu ndi katoni ya mabuku, sabata inayo ana amayenda pamzere kupita ku laibulaleko. Ine ndinkangoona mwana akubwera ndi timabuku ta zithunzi, ndikumati ndi zabwino, aphunzire Chingerezi.

Tsiku lina akuvula nsapato anati, “Amama, aphunzitsi ati aliyense abweretse uthenga umene ukuyenda kwawo. Mundibwereke foni.”

“Foni yanga ipite kusukulu? Kuti ibwere ilibe galasi?”

“Ndiye mubwere nayo nokha. Ati makolo ndi ololedwa.”

“Uthenga wake uti?”

“Uja wa amayi olira.”

Sindinkadziwa kuti anaumva. Ife akuluakulu timaganiza kuti mwana akakhala kuseri akusewera phada ndiye kuti makutu wasiya m’nyumba.

Ndinapita, makamaka pofuna kuti foni isachoke m’manja mwanga. Ndinakhala kumbuyo kwa kalasi, pafupi ndi khomo, pamodzi ndi amayi ena awiri. Ana anali atakhala pansi, odzaza mpaka kukhoma. Amayi a ku laibulale anali kutsogolo, munthu wamfupi wovala magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi. Aphunzitsi, bambo wamtali wa choko m’tsitsi, sanaoneke poyamba. Kenako tinangoona alowa akuthamanga, manja ali kumutu.

“Kalanga ine! Kwagwa maliro! Maliro, anthu inu, lirani!”

Ine ndinatsala pang’ono kuimirira. Koma ana anangokhala duu, ena akuseka m’manja. Mtsikana wina anakweza dzanja.

“Wakutumani ndani?”

“Aaa, zimenezo zisiyeni, inu lirani basi!”

“Wamwalira ndani?” anatero wina.

“Munthu.”

“Wa mudzi uti?”

“Uko, kuseri kwa phiri.”

“Nanga mnzanu ali kuti? Mwabwera nokha bwanji?”

Kalasi yonse inaphulika kuseka, aphunzitsi n’kugwetsa manja ngati munthu wogwidwa. Amayi a ku laibulale anafunsa kuti, “Tilire?” Ana onse pamodzi anati, “Ayiii!” “Chifukwa?” “Uthenga ulibe woutuma!”

Apa m’pamene ndinazindikira chimene anthu awiriwa anachita. Kwathu uthenga wa maliro suyenda chisawawa. Amatumidwa anthu awiri, amafika n’kunjuta poteropo, amanena amene wawatuma, amene watisiya ndi mudzi wake. Ngakhale masiku ano a mafoni, munthu akakuimbira za maliro umafunsa kuti wamva kwa ndani usanayambe kumanga katundu. Palibe mayi wa kuno amene angayambe kubuma chifukwa cha munthu wongodutsa pamsewu. Zimenezi ndinakula nazo, ndimazidziwa ngati njira ya kuchitsime. Koma sindinaganizepo kuti mafunso omwewo angafunsidwe kwa foni.

Ana anayamba kupereka mauthenga awo. Wina unali wa mankhwala a mbewu akuti amachulukitsa chimanga kawiri, wina wa ntchito zakunja zongofuna chithunzi ndi nambala. Uliwonse amaufunsa chimodzimodzi, ngati mlendo wofika pabwalo. Itafika nthawi ya mwana wanga, amayi a ku laibulale anabwera kumbuyo, naika foni yanga kukhutu kwawo kaye, kumvera okha mpaka kumapeto. Anandiyang’ana nati chapansipansi, “Ambiri aimva kale kunyumba, mayi. Bola aimvere pano pomwe angafunse. Mukulola?” Ndinagwedeza mutu.

Mayi uja analira m’kalasimo, ndipo ana anakhala chete kuposa kale. Atsikana ena anaweramitsa mitu. Itatha, mafunso anayamba pang’onopang’ono. Dzina lawo sananene. Mudzi sananene. Chipatala chake sanatchule. Adokotalawo ndi ati? Aphunzitsi amalemba mafunsowo pabolodi, choko chikulira. Ndiye mtsikana wina wakhala pakona, wovala juzi yaikulu ya munthu wamkulu, anafunsa mosakweza mawu.

“Mwana wawoyo ndi wa msinkhu wathu?”

“Akuoneka kuti ndi choncho,” anatero amayi a ku laibulale.

“Ndiye adokotala adziwa bwanji kuti sadzabereka? Poti sanakule.”

Ine ndinamvera voisi ija katatu, ndili ndi satifiketi m’chikwama, ndipo ndinangomva kulira kokha. Kamwana aka kanamva kulirako, kanachita nako chisoni, koma kanadutsa n’kukafika pa mawu enieniwo. Ndinayang’ana mitu ing’onoing’ono ija, ina yometa mpala, ina ya fumbi la m’njira, ndipo ndinachita mantha a mtundu wina, onga amene umamva ukaima pamwamba pa phiri la Ntchisi n’kuona kuti dziko ndi lalikulu kuposa mudzi wako.

Mnyamata wina anafuula, “Ndi bodza basi!”

“Pang’onopang’ono, bambo,” anatero amayi aja. “Tanena kuti ndi bodza? Mwina mayiyu alipodi, mwina mwana wake anadwaladi china chake. Ife tangoona kuti uthenga wabwera wopanda woutuma. Kwanu zikatero mumatani?”

“Timatuma munthu akaone.”

“Ndiye sabata yamawa tikaona.”

Sabata yotsatira ndinatseka makina osokera n’kutsatira mzere wa ana mpaka ku tiredingi. Ndivomere kuti pakhomo la laibulale ija ndinali nditadutsapo kambirimbiri osalowa. Ndinkaiona ngati malo a ana a folomu folo okonzekera mayeso. Ku koleji tinkaloweza manotsi a aphunzitsi n’kukawabweza pa pepala la mayeso, ndipo palibe anatiuzapo kuti buku nalo ungalifunse mafunso. Amayi aja anagawa mabuku a zaumoyo ndi timapepala ta ku chipatala m’magulu, nati tisayambe kuwerenga m’kati. Anatsegula tsamba lija la kumayambiriro, la timalemba ting’onoting’ono, limene ine moyo wanga wonse ndinkalidumpha.

“Apa ndi pamene buku limanjuta n’kunena amene walituma,” anatero. “Walemba ndani, ntchito yake ndi yotani, lasindikizidwa kuti, chaka chanji. Likakhala lakale kwambiri, samalani, mwina nkhani inasintha. Ndipo buku limodzi ndi mthenga mmodzi. Pezani mnzake.”

Ana anagwada mozungulira mabenchi, zala zikuyenda pansi pa mizere. Aphunzitsi amathandiza pa mawu ovuta a Chingerezi, amayi aja amawaonetsa kumapeto kwa buku komwe mawu amandandalikidwa kuti upeze tsamba msanga. Mwana wanga anapeza chithunzi cha chiberekero, nachiyang’ana nthawi yaitali mopanda manyazi, ngati akuona mapu. Ine ndinatenga kapepala ka Chichewa n’kukhala pakona. Kanafotokoza za matendawa, mmene amayambira mwakachetechete, kutaya magazi kosalekeza, kupweteka kwa m’chiuno ndi msana. Ndinaona mayi anga atagona pamphasa chaka chawo chomaliza, nsalu zimene ndinkachapa m’mamawa anthu asanadzuke. Kwathu tinkangoti matenda a amayi. Sindinganene kuti inali khansa imeneyi, chifukwa palibe anawayeza. Koma ndinakhala pakona paja n’kuwerenganso kapepalako mpaka kumapeto.

Ndinabwereka buku limodzi ndi kapepalako n’kupita kwa achimwene. Ndinawapeza kudimba akuthirira tomato. Ndinakhala pamzere n’kudikira kuti atule ndowa.

“Lero wabwera ndi mabuku, madamu? Ndikhale pansi ndipinde miyendo?”

“Ayi achimwene, ndangobwera ndi zimene ndamva.”

Ndinawafotokozera zonse, za kalasi, za funso la mtsikana wa juzi, za mayi athu. Anamvetsera akupukuta manja pa buluku.

“Ndiye mayi uja akunama?”

“Sindikudziwa. Koma sananene dzina, kapena mudzi.”

“Iwe ukanatchula dzina? Kuti aboma akutenge?” Anatola bukulo, nalitembenuza. “Nanga ili walemba ndani? Si omwe akubayawo? Pita kwa wogulitsa feteleza ukamufunse ngati feteleza wake ndi wabwino, uone ngati akakuuze kuti ndi mchenga.”

Iwo anandibwezera bukulo mwaulemu ndithu.

“Ndinakutumiza kusukulu kuti uzitithandiza, osati uzitiyesera mankhwala pa mwana. Nkhaniyi tinatseka. Tsiku limenelo amayi abwere kuno adzandithandize kuthyola tomato.”

Pokabweza buku ndinawauza amayi a ku laibulale zimene achimwene ananena, ndikuyembekeza kuti akwiya. Anaomba m’manja, magalasi n’kutsetsereka.

“Achimwene anuwo abwere adzatiphunzitsire kalasi! Limenelo ndi funso lenileni: wonenayo apindulapo chiyani? Koma alifunse mbali zonse, kwa buku ndi kwa voisi yomwe.”

“Ndiye ine nditani, amayi? Mundiuze. Abayitse kapena asabayitse?”

“Mwana ndi wanu, mayi. Ine ntchito yanga ndi kukuonetsani makomo. Pezani munthu wodziwa za mankhwalawa amene naye ali ndi chotaya zikalakwika.”

Ndinakwiya nawo pang’ono, chifukwa ndinkafuna munthu woti andisenzere katunduyo. Koma m’mawa mwake ndinapita kuchipatala, ndinakhala pabenchi la sikelo mpaka mzere utatha, n’kulowa kwa anesi ena achikulire. Anandifotokozera bwinobwino kuti mkono umatupa pang’ono, ena thupi limatentha tsiku limodzi, ndipo za kusabereka sanazionepo. Kenako ndinafunsa chimene ndinabwerera.

“Pepani anesi, musandione mwano. Inuyo mwana wanu munamubayitsa?”

Anasiya kulemba, nandiyang’ana pamwamba pa magalasi.

“Wanga wamkulu msinkhu unamupitirira. Wamng’ono ndinamugwira dzanja ndekha pobaya. Chimodzimodzinso mdzukulu wanga, wa mwana wa mchemwali wanga.” Anaseka. “Inu ndi oyamba kundifunsa zimenezo. Enawo amangogwedeza mutu n’kukabisa ana kumunda.”

Ndinabwerera kwa achimwene ndi mawu amenewa, koma sanandilole n’komwe kumaliza. Anakweza dzanja nati, “Ndati tinatseka.”

Tsiku la katemera ndinadzuka m’mamawa. Ndinatuma uthenga kudimba kuti ufa watha, mwana andiperekeza ku chigayo, abwera masana. Ufa unali utatsaladi pang’ono, ndipo ndinadzitonthoza ndi zimenezo. Ndinamuveka yunifolomu, pamwamba n’kumumanga chitenje mpaka m’khwapa. Tinasenza chimanga, ine ndowa yaikulu, iye kabeseni. Chigayo chili kuseri kwa sukulu. Tinasiya chimanga pamzere, ndinamumasula chitenje kuseri kwa mpanda, n’kulowa.

Atsikana anali ochepa kuposa masiku onse. Mtsikana wa juzi uja analipo, yekha, wopanda kholo. A zaumoyo anali atayika tebulo pansi pa mtengo, ndi kabokosi kozizira pambali. Itafika nthawi ya mwana wanga, voisi ija inayambanso kulira m’mutu mwanga, ndipo ndinatsala pang’ono kumukoka kuti tizipita. Iye anakhala pampando, napinda yekha dzanja la yunifolomu, n’kuloza kabotolo.

“Ndingaone nawo tsiku lake lothera ntchito?”

Bambo wobayayo anaseka mpaka kutsamira. “Kalasi imeneyi itimaliza lero! Uyu ndi wachingati kufunsa?” Anamuonetsa kabotoloko, mwana anawerenga manambala mokweza, nagwedeza mutu ngati munthu wamkulu wovomereza malonda. Anatsinzina, singano inalowa, inatuluka. Sanalire. Amene analira ndi ine, ndipo aphunzitsi anachita kundipatsa mpando.

Pobwerera ufa unali wofunda pamutu. Iye anagwira kabeseni ndi dzanja limodzi, linalo atalitsitsa. Tinayenda mpaka pa mlatho wamitengo, pomwe ndinamuimitsa n’kumumanganso chitenje.

“Amalume usawauze,” ndinatero.

Anandiyang’ana n’kundifunsa.

“Akandifunsa ndiname?”

Apa ndiye pamene pamandipweteka mpaka lero. Mwana amene anthu awiri aja anamuphunzitsa kuti mawu azikhala ndi mwini wake, ine mayi ake ndimamuphunzitsa kubisa. Ndinati, “Usaname. Akakufunsa, unene kuti afunse ine.” Anavomera. Masana anapita kudimba, anathyola tomato ndi dzanja lamanja lokha, amalume ake n’kumamuseka kuti amayi ayamba ulesi.

Sanamufunse, ndipo inenso sanandifunse. Mkono unapola, mwana akukula, sabata ya ku laibulale ikafika amadzuka yekha osadzutsidwa. Nanenso ndili ndi khadi langa la ku laibulale tsopano, ndipo amayi a m’mudzi akabwera ndi mavoisi awo pakhonde sindithamangiranso kunena kuti zoona kapena zabodza, timakhala pansi n’kuyamba kufunsa. Pa za katemerayo mtima wanga unakhazikika, ngakhale munthu wamantha ngati ine sakhazikika kwenikweni. Chimene sichikhazikika ndi achimwene. Akabwera n’kukhala pakhonde, n’kumuitana mwana kuti adzawasenderere nzimbe, ndimaona munthu amene anandikhulupirira pamene ena onse anati ndatha, ndipo ine ndinamudutsa kumbuyo ndi ndowa ya chimanga. Ndimadziuza kuti ndinafunsa kulikonse kumene ndikanatha kufunsa, ndipo thupi limene likanadzadwala ndi la mwana wanga. Ndimadziuzanso kuti mawu a mwini mbumba sanaikidwe pachabe, ndipo tsiku lina mwanayu adzafuna malume woti amuimire.

Inu amene mwawerenga mpaka apa, makamaka amayi anzanga a kuno kumapiri amene mukudziwa kulemera kwa mawu a malume, ndiuzeni. Ndinachita bwino? Ndipo ngati ndinachita bwino kumubayitsa, nanga kubisaku, ndipitirize, kapena ndipite kudimba ndikakhale pamzere n’kuwauza ndekha asanamve kwa wina?